Chifukwa chiyani pulogalamu yanga ikukweza aliyense basi ya ku Mbare?

Funso: Ndimathandiza mlembi wa bungwe lathu la maliro kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare, lomwe anayambitsa makolo athu ochokera ku Malawi. Ndikuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndiye ndinati kaundula wa mamembala ndimuchotse m'kope ndimuike pa kompyuta. Zinthu ziwiri zandiimitsa mutu. Pakagwa zovuta timabwereka mabasi awiri opita kumanda ku Mbudzi, ndipo yoyamba imanyamula a ku Mbare ndi a ku Highfield. Ndinalemba `if dera == "Mbare" or "Highfield":` koma pulogalamu ikuika aliyense m'basi yoyamba, ndi a ku Epworth omwe. Chachiwiri, lamulo lathu limati membala woferedwa amalandira chipepeso ngati wakwanitsa zaka 70 kapena walipira miyezi 6 ndipo alibe ngongole kubungwe. Ndinalemba `if zaka >= 70 or miyezi >= 6 and ngongole == 0:` koma agogo ena omwe ali ndi ngongole ya madola 40 akutuluka pa mndandanda wa oyenera kulandira. Kodi Python yanga yaonongeka?

Yankho: Achemwali, Python yanu ili bwinobwino, musavutike kuichotsa n'kuikanso. Mavuto awiriwa akuoneka ngati amodzi poti onse ali pa `or`, koma ndi osiyana. La mabasi ndi la kalembedwe chabe, tilikonza pompano. La chipepeso ndi lozama, ndipo theka la yankho lake lili m'manja mwa a komiti.

Tiyambe ndi mabasi. Inu ndi ine tikamva kuti "dera ndi Mbare kapena Highfield", mutu umakwaniritsa wokha mawu omwe asiyidwa, timamva kuti dera ndi Mbare, kapena dera ndi Highfield. Python sikwaniritsa kanthu. Ikafika pa `or` imadula mzerewo pawiri n'kuyesa chidutswa chilichonse pachokha. Kumanzere kuli `dera == "Mbare"`, funso lathunthu lomwe yankho lake ndi True kapena False. Kumanja kwangokhala `"Highfield"`, dzina lili lokhalokha, silikufaniziridwa ndi chilichonse.

Munthu angayembekezere kuti apa Python ikana n'kulemba uthenga wofiira. Sikana, chifukwa ili ndi lamulo loti chinthu chilichonse chitha kuyesedwa ngati choona kapena chabodza. Pa zinthu zomwe mukugwira nazo ntchito panopa, zabodza ndi zowerengeka: `False`, `None` (kutanthauza kuti palibe chomwe chaikidwa), nambala 0, mawu opanda chilembo n'chimodzi chomwe `""`, ndi mndandanda wopanda kanthu monga `[]` kapena `{}`. Zotsala zonse ndi zoona. `"Highfield"` ali ndi zilembo, choncho ndi woona lero, mawa ndi mkuja, kaya membalayo amakhala ku Epworth kaya ku Lilongwe. Ndipo poti `or` imakhutira mbali imodzi ikakhala yoona, khomo la basi yoyamba silitsekeka.

Musangondikhulupirira. Tsegulani Python mulembe ichi:

```
"Epworth" == "Mbare" or "Highfield"
```

Yankho lomwe lituluke ndi `'Highfield'`, osati True. Ichi muchisunge m'mutu, tichipezanso pa nkhani ya chindapusa.

Kukonza kwake ndi kuonetsetsa kuti mbali zonse ziwiri za `or` ndi mafunso athunthu:

```
if dera == "Mbare" or dera == "Highfield":
```

Komabe ine ndikanalemba `if dera in ("Mbare", "Highfield"):` chifukwa tsiku lomwe a komiti adzati a ku Glen Norah akwerenso yoyamba, mudzangoonjezera dzina limodzi. Samalaninso ndi momwe maina analowera. Kwa kompyuta, `"mbare"`, `"Mbare"` ndi `"Mbare "` wokhala ndi mpata kumapeto ndi madera atatu osiyana, ndiye yeretsani kaye ndi `dera.strip().lower()` n'kufanizira ndi maina a zilembo zazing'ono.

Pali msampha wina womwe ukukudikirani pa basi yachiwiri. Ambiri akafuna kunena "onse otsala" amangotembenuza zizindikiro n'kusiya `or` pomwe inali: `dera != "Mbare" or dera != "Highfield"`. Yesani ndi munthu wa ku Mbare. Funso loyamba likuti False, chabwino. Lachiwiri likuti kodi dera lake si Highfield? Inde, si Highfield, True. Wakwera yachiwiri. Wa ku Highfield nayenso akwera kudzera pa funso loyamba. Palibe munthu amene dera lake lingakhale Mbare ndi Highfield nthawi imodzi, choncho mzerewu sungakhale wabodza. Lamulo lake limadziwika ndi dzina la Augustus De Morgan, katswiri wa masamu wa ku Britain wa m'zaka za m'ma 1800: mukakana chiganizo chonse, mumakana chidutswa chilichonse komanso `or` imasanduka `and`, `and` n'kusanduka `or`. Kukana kwa "Mbare kapena Highfield" ndi "si Mbare ndipo si Highfield". Pa nkhani yanuyi njira yachidule ndi `not in`, kapena kungolemba `else`, koma lamuloli mudzalifuna ndithu tsiku lomwe msungichuma adzakupemphani mndandanda wa anthu osayenera kulandira.

Tsopano chipepeso. Mzere wanu uli ndi mafunso atatu, onse athunthu, palibe cholakwika pa kalembedwe. Nkhani yagona pa funso loti ndi ati amene amangidwa pamodzi. Python siwerenga kuchokera kumanzere n'kumayankha motsatana momwe mawu abwerera. Imayamba ndi zofanizira monga `>=` ndi `==`, kenako `not`, kenako `and`, ndipo `or` imabwera pomaliza. Ndiye zomwe munalemba zija, iyo inaziona chonchi:

```
zaka >= 70 or (miyezi >= 6 and ngongole == 0)
```

Agogo aja atangoyankha kuti inde pa zaka, nkhani inathera pomwepo. Ngongole yawo sinayang'anidwe n'komwe, chifukwa funso la ngongole linamangidwa ku la miyezi. Inu mumafuna ichi:

```
(zaka >= 70 or miyezi >= 6) and ngongole == 0
```

Dongosololi silinangogwa kumwamba. George Boole, mwana wa wosoka nsapato wa ku Lincoln ku England amene anadzakhala pulofesa wa masamu ku Cork ku Ireland mu 1849, ndiye anaonetsa kuti kuganiza kwa inde ndi ayi kutha kulembedwa ngati masamu, ndipo buku lake lalikulu pa nkhaniyi linatuluka mu 1854. M'masamu amenewa choona ndi 1, chabodza ndi 0, `and` imalembedwa ngati kuchulukitsa ndipo `or` ngati kuphatikiza. Taonani: 1 × 0 ndi 0, monga momwe True `and` False ilili False. Tsono kumbukirani BODMAS ya kusukulu. Pa 2 + 3 × 4 mumayamba kuchulukitsa n'kupeza 14, osati 20. Chimodzimodzi `and` imayamba, `or` n'kutsatira. Mu 1937 Claude Shannon, ali wophunzira wa zaka 21 ku yunivesite ya MIT ku America, anaonetsa kuti masamu omwewa amafotokoza maswitchi a magetsi: awiri olumikizidwa motsatana pa waya umodzi ndi `and`, poti onse ayenera kuyatsidwa kuti babu liwale, pamene awiri oikidwa pa njira ziwiri zoyandikana ndi `or`. Kompyuta yomwe muli nayoyo ndi maswitchi oterewa osawerengeka. Python mpaka lero imasunga chibale chimenechi, moti `True + True` imapereka 2, ndipo mutha kuwerenga oyenera kulandira pongophatikiza mayankho awo ndi `sum`.

Koma ndisanakuuzeni kuti ikani mabulaketi n'kupita kukagona, werenganinso lamulo la bungwe lanu momwe mwalilembera: "wakwanitsa zaka 70 kapena walipira miyezi 6 ndipo alibe ngongole". Mukutsimikiza kuti amene analemba lamuloli amatanthauza zomwe inu mukuganiza? Litha kumveka pawiri. Wina anganene kuti aliyense, wamkulu ndi wamng'ono, akhale wopanda ngongole. Wina anganene kuti okalamba anamasulidwa ku zonse, zaka zawo n'zokwanira, ndipo za miyezi ndi ngongole zikukhudza achinyamata okha. Kumva kwachiwiriku si kwachilendo ayi. Mabungwe ngati lanuli anayamba kuti munthu amene anasiya abale ake kutali, ku Dedza kapena ku Mangochi, asasowe omuika m'manda, ndipo sindingadabwe kumva kuti oyambitsa sanafune kuti nkhalamba imanidwe chipepeso chifukwa cha madola 40. Ngati zili choncho, mzere wanu wa chipepeso uja unali wolondola mwangozi.

Pa zaka zonse zomwe kaundula anali m'kope, kusamveka bwino kumeneku sikunkaoneka, chifukwa msungichuma amadziwa munthu aliyense ndipo amaweruza ndi mtima. Pulogalamu ilibe poima pakati. Mabulaketi muwaike kumanzere kapena kumanja, ndipo kulikonse komwe mwawaika mwagamula mlandu wa ndalama za anthu. Chigamulo chimenecho si cha wothandiza mlembi. Safunsa anadya phula, achemwali: pitani nalo kwa wapampando.

Kuti musakawazunguze ndi za kompyuta, kawaonetseni pomwe njira ziwirizi zikusiyana. Mafunso atatu a inde kapena ayi amapereka mitundu 8 ya anthu, poti 2 × 2 × 2 ndi 8. Kapulogalamu aka kakusindikizirani yonse:

```
for wamkulu in (True, False):
    for walipira in (True, False):
        for alibe_ngongole in (True, False):
            a = wamkulu or (walipira and alibe_ngongole)
            b = (wamkulu or walipira) and alibe_ngongole
            print(wamkulu, walipira, alibe_ngongole, a, b)
```

Mupeza kuti pa mizere 6 mayankho a `a` ndi `b` ndi ofanana. Akusiyana pa mizere iwiri yokha, ndipo yonse iwiri ndi ya munthu wa zaka 70 kapena kuposerapo amene ali ndi ngongole. N'chifukwa chake vutoli linabisala mpaka munafika pa agogo aja. Ndiye funso lopita nalo ku msonkhano ndi limodzi, lalifupi: wokalamba wokhala ndi ngongole alandire kapena asalandire? Katebulo kotere ndimakakonda kuposa kuyesa ndi maina a anthu omwe abwera m'mutu, chifukwa m'mutu mumabwera anthu omwe nkhani zawo n'zosavuta.

Onaninso mzere woyamba wa tebulolo, pomwe munthu ndi wamkulu komanso walipira. Wadutsa, ndipo n'zoyenera. Mukafika pakhomo la munthu n'kufunsidwa kuti "tiyi kapena mahewu?", mumadziwa kuti musankhe chimodzi. `or` ya kompyuta si yotero: ichi, icho, kapena zonse ziwiri, yonse ndi inde. Mukadzafuna chimodzi chokha osati zonse, ndipo mbali zonse zili True kapena False, lembani `!=` pakati pawo, monga `wamkulu != walipira`.

Chilichonse chomwe a komiti agamule, mabulaketi muwalembe ndithu, ngakhale pomwe Python siikuwafuna. Ena amati katswiri weniweni amaloweza dongosolo ndipo safuna mabulaketi. Ine ndimati mzere womwe wasakaniza `and` ndi `or` wopanda mabulaketi ndi mzere wosamalizidwa, poti wodzauwerenga chaka chamawa sadzadziwa ngati munafunadi zimenezo kapena munangoiwala. Chabwino koposa ndi kupatsa zidutswazo maina:

```
wakwanira = zaka >= 70 or miyezi >= 6
alibe_ngongole = ngongole == 0
if wakwanira and alibe_ngongole:
```

Izi ngakhale mlembi wosadziwa Python atha kuziwerenga n'kukuuzani ngati zikugwirizana ndi malamulo.

Ndanena kuti ngongole ya agogo sinayang'anidwe n'komwe, ndipo ndimanenadi zenizeni. Python ikadziwa yankho imaima. Pa `or`, kumanzere kukakhala koona, kumanja sikugwiridwa. Pa `and`, kumanzere kukakhala kwabodza, kumanja sikugwiridwa. Akatswiri amati short-circuit. Khalidweli ndi lothandiza kwambiri mukalidziwa. Tinene kuti mukufuna kuona amene amapereka madola osachepera 5 pa mwezi:

```
if miyezi > 0 and ndalama / miyezi >= 5:
```

Membala watsopano amene sanalipireko ali ndi miyezi 0. Funso loyamba likuti False, Python yaima, kugawa ndi ziro sikuchitika. Mukasinthanitsa mafunso awiriwo, pulogalamu igwa ndi `ZeroDivisionError` pa membala yemweyo. Pa pepala la masamu `A and B` ndi `B and A` ndi chimodzi, koma mu pulogalamu choteteza chimakhala kumanzere. Chimodzimodzi `membala is not None and membala.ngongole == 0`: yambani mwaona ngati dzina lapezeka m'kaundula musanafunse za ngongole yake.

Khalidwe lomweli limaluma mukaika ntchito yofunika kumanja. Mukalemba `if walipira or tumiza_uthenga(foni):` uthenga upita kwa osalipira okha. Mwina n'zomwe mumafuna, koma wowerenga sangazione msanga, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuti uthenga wa maliro ufike kwa onse mudzadabwa kuti theka la anthu silinamve. Ntchito zotumiza uthenga, zosunga kapena zochotsa ndalama zizikhala pa mzere wakewake, osati m'kati mwa funso.

Ngati kaundula wanu anadutsirako mu Excel, dziwani kuti kumeneko zinthu n'zosiyana. `AND` ya Excel imayesa zonse zomwe mwaipatsa, moti `=AND(B2>0, A2/B2>=5)` imatulutsa `#DIV/0!` pamene B2 ili 0. `And` ya VBA, chinenero cholembera mapulogalamu mu Excel, nayonso siima panjira. M'zinenero zina monga C, Java ndi JavaScript, `&&` ndi `||` zimaima ngati za Python.

Tibwerere ku `'Highfield'` uja anatuluka m'malo mwa True. `or` ya Python sibweza True kapena False nthawi zonse. Imabweza chinthu chenichenicho chomwe yaimirapo: choyamba choona, kapena chomaliza ngati zonse n'zabodza. `and` imabweza choyamba chabodza, kapena chomaliza ngati zonse n'zoona. Anthu amagwiritsa ntchito khalidweli poika mtengo wogwiritsa ntchito pamene palibe cholembedwa, ndipo pa maina zimayenda bwino: `dzina or "sanalembe"`. Pa ndalama ndi poopsa. Tinene kuti wochedwa kulipira amalipitsidwa madola 2 pokhapokha a komiti atalemba mtengo wina, ndiye mwalemba `chindapusa = cholembedwa or 2`. Mayi wina anali m'chipatala, a komiti amukhululukira, mlembi walemba 0. Koma 0 ndi wabodza, ndiye `or` yamudumpha n'kutenga 2. Mayi uja walipitsidwa chindapusa chomwe anakhululukidwa, ndipo palibe uthenga wofiira wokuchenjezani. Ziro ndi yankho, pamene `None` ndi kusowa kwa yankho, ndipo pulogalamu ya ndalama iyenera kusiyanitsa ziwirizi:

```
chindapusa = 2 if cholembedwa is None else cholembedwa
```

Vutoli linasautsa anthu a JavaScript mpaka mu 2020 chinenerocho chinalandira chizindikiro chatsopano, `??`, chomwe chimadumpha `null` ndi `undefined` zokha n'kusiya 0 ali pomwepo.

Pafupi ndi pomwepa pali nkhani ya `input()`. Chilichonse chomwe munthu walemba pa kiyibodi chimabwera ngati mawu. `"0"` si 0, ali ndi chilembo chimodzi, choncho ndi woona. `"False"` nayenso ndi woona, ndipo `"0" == 0` ndi False, kutanthauza kuti munthu wopanda ngongole angaoneke ngati ali nayo. Sandutsani kaye ndi `int()` kapena `float()` pamalo pomwe nambala ikulowera, osati pakati pa mafunso.

Zizindikiro `&` ndi `|` ziliponso mu Python koma ntchito yake ndi ina, zimagwira pa mabiti a nambala, ma 0 ndi ma 1 omwe kompyuta imasungira nambalayo: `6 and 3` ndi 3, pamene `6 & 3` ndi 2. Mudzazifuna mukadzayamba kuwerenga kaundula ndi pandas, chida cha Python chogwirira ntchito ndi matebulo, chifukwa kumeneko `and` imakana kugwira pa mzati wathunthu n'kutulutsa `ValueError`. Pamenepo funso lililonse lizikhala m'mabulaketi akeake, poti `&` imamanga mwamphamvu kuposa `==` ndi `>=`. Ndipo kamwambo ka Python kolemba `60 <= zaka < 70` ndi kabwino, kagwiritseni ntchito, bola musapite nako ku JavaScript, komwe `3 > 2 > 1` imatuluka false chifukwa `3 > 2` imasanduka true, true n'kusanduka 1, ndipo 1 saposa 1.

Bungwe likamakula mudzafuna kusunga kaundula mu SQLite kapena database ina, pulogalamu yosungira matebulo a zolembedwa, ndipo kumeneko mayankho si awiri koma atatu: choona, chabodza, ndi chosadziwika. Malo omwe sanalembedwe kanthu amakhala `NULL`, ndipo kufanizira kulikonse ndi `NULL` kumapereka chosadziwika. `WHERE`, mawu osankhira mizere mu database, imatulutsa mizere yoona yokha. Ndiye membala amene pa ngongole pake sipanalembedwe kanthu sapezeka pa `WHERE ngongole = 0`, komanso sapezeka pa `WHERE ngongole <> 0`. Mukaphatikiza mindandanda iwiriyo chiwerengero chimaperewera, ndipo munthuyo wangosowa osachotsedwa ndi aliyense. Amapezeka ndi `WHERE ngongole IS NULL`. Makope akale a mabungwe amakhala ndi mipata yambiri yotere, makamaka pa zaka zobadwa za akuluakulu, ndipo mu Python momwemo `None >= 70` imagwetsa pulogalamu ndi `TypeError`. Choncho musanafike pa mafunso atatu a chipepeso aja, ikani funso lina patsogolo: ngati zaka, miyezi kapena ngongole zili `None`, pulogalamu isanene kuti alandire kapena asalandire, ingolemba dzinalo pa mndandanda wachitatu wopita kwa mlembi kuti akafufuze m'kope.